Utsi woyera wa owotcherera: zimene timafumbi ta zitsulo timachita m'mapapo

Pulogalamu ya zaumoyo ndi sayansi
Malo ojambulira: Mukuni Park, Livingstone
Olankhula: Woulutsa ndi Mphunzitsi wa sayansi

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO. PHOKOSO LA MSIKA LIZIMVEKA CHAPANSIPANSI)

WOULUTSA: Lero tatuluka mu situdiyo, tili pa Mukuni Park, m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya muno mu Livingstone. Kumbuyo kwangaku kwandandalikidwa ziboliboli za njovu, mvuu ndi chipembere, zibangili zamkuwa, madengu ndi nsalu. Wina akupala chiboliboli ndi sandipepa, mnzake akupaka polishi ndi burashi. Nkhani yathu ndi ya fumbi, koma osati limene mphepo ya mu Ogasiti imatithira m'maso. Tikamba za tizidutswa ta zitsulo tosaoneka ndi maso, timene asayansi amatitcha nanoparticles, ndi mmene timavulazira maselo a m'mapapo. Ndili ndi aphunzitsi a sayansi. Takulandirani, aphunzitsi.

MPHUNZITSI: Zikomo mayi, ndipo moni kwa onse akumvetsera.

WOULUTSA: Mukati tating'ono, ndiye kuchepa kwake kotani?

MPHUNZITSI: Tengani rula ya mwana wasukulu. Kampata kakang'ono kwambiri pamenepo ndi milimita imodzi. Mukaigawa milimitayo magawo 1 miliyoni, gawo limodzi ndiye nanomita. Kachidutswa kalikonse ka pakati pa nanomita 1 ndi 100 ndi kamene tikukanena. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi nanomita 80,000. Choncho tizidutswa ta nanomita 100 tingafole 800 kuti tikwane kunenepa kwa tsitsi limodzi lokha.

WOULUTSA: Nanga zitsulo zikulowapo bwanji?

MPHUNZITSI: Chitsulo chikakumana ndi okosijeni wa mumpweya, ziwirizo zimagwirana n'kukhala chinthu china chotchedwa oxide. Dzimbiri la pa khasu ndi oxide ya chitsulo. Chibangili chamkuwa chikada, chakudacho ndi oxide ya mkuwa. Mafakitale a kunja amapanga dala tizidutswa totere. Titanium dioxide ndi amene amayeretsa penti, ndipo zinc oxide ali m'mafuta amene alendo odzaona mathithi a Victoria Falls amadzola kuti asapse ndi dzuwa. Komatu ife kuno sitifunika fakitale ya ku Ulaya kuti tikumane nato. Timapangidwa tsiku lililonse muno mu Livingstone, ku Maramba, ku Dambwa, ku Libuyu, paliponse pamene munthu akuwotcherera geti, felemu la zenera kapena ngolo.

WOULUTSA: Mukutanthauza utsi uja umatuluka powotcherera?

MPHUNZITSI: Womwewo. Moto wa pansonga pa rod umatentha kupitirira madigiri 5,000, pamene chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Ndiye china chimasungunuka, china chimawira mpaka kusanduka nthunzi. Nthunziyo ikangochoka pamotopo imazizira nthawi yomweyo, n'kugwirana ndi okosijeni, n'kuuma kukhala tizidutswa ta nanomita zochepa chabe. Tizidutswato timamatirirana n'kupanga timaunyolo, komabe timakhala topepuka moti sitigwa pansi msanga. Umene timautcha utsi wa welding si utsi ngati wa nkhuni ayi. Ndi chitsulo chenicheni chikuyandama mumpweya.

WOULUTSA: Ine ndimaona kuti nthawi zina utsiwo umakhala wofiirira, nthawi zina woyera kuti mbee.

MPHUNZITSI: Mwaona bwino. Wofiirirawo ndi wa chitsulo wamba, ndipo mumakhalanso manganese wochokera mu rod. Woyerawo umatuluka munthu akamawotcherera paipi ya galvanised kapena malata. Zitsulo zimenezi zimakutidwa ndi zinki kuti zisachite dzimbiri. Tsono zinki amawira pa madigiri 907, chitsulo chisanayambe n'komwe kusungunuka. Rod ikangokhudza, zinki yense wa pamalopo amathawira mumpweya. Mukadzayang'ana paipiyo atamaliza, mudzaona ufa woyera kapena wachikasu pang'ono m'mbali mwa msoko, ndipo nthawi zina tinthu toyera tonga ulusi tikuuluka. Ameneyo ndi zinc oxide. Amene mukumuona pa paipiyo ndi wotsala. Wina walowa m'chifuwa mwa mmisiri, chifukwa nkhope yake inali chowerama pamwamba penipeni pa utsiwo, dzanja lina rod, dzanja lina kagalasi kakuda.

(NYIMBO, MASEKONDI 20)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili pa Mukuni Park ndipo tikukamba za timafumbi ta zitsulo ndi mapapo athu. Aphunzitsi, Mulungu anatipatsa tsitsi la m'mphuno ndi mamina. Kodi zimenezi sizisefa fumbi?

MPHUNZITSI: Zimasefa ndithu, koma fumbi lalikulu. Lopitirira nanomita 10,000 limakodwa m'mphuno ndi pakhosi. Wowotcherera akamina madzulo n'kuona zakuda pa mpango, ndiye kuti mphuno yagwira ntchito yake. Lochepera pamenepo limatsikira m'njira za mpweya, kumene kuli makhololo omata ndi timatsitsi tosaoneka tomwe timakankhira makhololowo m'mwamba usana ndi usiku, mpaka munthu atsokomole kapena ameze. Koma kumapeto kwa njirazo kuli timatumba ta mpweya, pafupifupi 480 miliyoni mwa munthu wamkulu. Mutatiyala pansi tonse tingakute malo okwana masikweya mita 70 kapena kuposerapo. Kumeneko kulibe timatsitsi tokankha tija. Chikopa cholekanitsa mpweya ndi magazi n'chopyapyala, sichifika nanomita 1,000, kuti okosijeni azidutsa mosavuta. Munthu amakoka mpweya wopitirira malita 10,000 pa tsiku, ndipo wogwira ntchito yolemetsa amakoka wochuluka, mozama, kawirikawiri ndi pakamwa.

WOULUTSA: Ndiye kuti kumeneko kulibe mlonda aliyense?

MPHUNZITSI: Alipo. Ndi gulu lina la asilikali a m'thupi, maselo akuluakulu otchedwa macrophage, amene amayendayenda m'timatumbato kumeza majeremusi ndi fumbi. Vuto ndi lakuti tizidutswa tating'onong'ono kwambiri satizindikira bwino, ndiye tina timawapitirira n'kulowa m'maselo a chikopa chija. Komanso tikachuluka, asilikaliwo amameza mpaka kulemedwa, osathanso kuyenda. Munthu wotero jeremusi ya chibayo ikamupeza, imapeza alonda atatopa kale.

WOULUTSA: Tiyeni tilowe m'kati mwa selo lenilenilo. Kachidutswa ka chitsulo kakalowa, chimachitika n'chiyani?

MPHUNZITSI: Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2008, Hanna Karlsson ndi anzake a ku Karolinska Institutet mu mzinda wa Stockholm ku Sweden anatenga maselo a mapapo a munthu oweta m'mbale za mu labotale, n'kuwathira tizidutswa ta zitsulo zosiyanasiyana. Anapeza kuti ululu wake si wofanana. Oxide ya mkuwa ndiyo inaposa zonse: inapha maselo ambiri ndi kuwononga DNA, amene ndi malangizo oyendetsera selo. Zinc oxide nayenso anapha maselo ndi kuwononga DNA. Titanium dioxide anakhudza DNA koma maselo sanafe kwenikweni. Oxide ya chitsulo wamba inavulaza pang'ono chabe, penanso osavulaza n'komwe.

WOULUTSA: Mkuwa womwewu umene dziko la Zambia limanyadira?

MPHUNZITSI: Womwewo mayi. Koma ovala zibangili asazivule, chifukwa pakhungu mkuwa sulowa motero. Njira yake ndi iyi. Khungu la selo limakhala ndi tizipata tomwe timayeza zitsulo zolowa, kuti mkuwa kapena zinki alowe wochepa amene selo likufuna. Koma kachidutswa kolimba selo limakameza kathunthu, osadutsa pa tizipata tija, n'kukaika m'kathumba kake kogayira zinyalala. M'kathumbamo muli asidi. Oxide ya mkuwa ndi ya zinki zimasungunuka msanga mu asidi. Ndiye chitsulo chochuluka chimakhuthukira m'kati mwa selo nthawi imodzi. Chitsulo chosungunukacho chimachititsa kuti okosijeni wa m'selo asanduke mitundu ina yaukali imene imaboola khungu la selo, kuwononga tizigawo topanga mphamvu ndi kudula DNA. Oxide ya chitsulo wamba ndi ya titanium sizisungunuka msanga, n'chifukwa chake sizipha selo mwachangu, koma zimakhalitsa m'mapapo.

WOULUTSA: Komabe sindinamvetse chifukwa chake kuchepa kukuwonjezera ululu. Ine ndimayesa kanthu kakang'ono kamavulaza pang'ono.

MPHUNZITSI: Ganizirani mchere. Supuni ya mchere wamiyala ndi supuni ya mchere wosinja, mukathira mu ndiwo, umayamba kukolera ndi uti?

WOULUTSA: Wosinja, nanga si umasungunuka msanga.

MPHUNZITSI: Eya. Kusinja kwachulukitsa mbali zokhudzana ndi madzi. Chitsulonso chikagawika kukhala tizidutswa mabiliyoni, mbali zokhudza selo zimachuluka kwambiri ngakhale kulemera kwake kusasinthe. Pa chifukwa chimenechi, mu 2011 bungwe la ku America loona za umoyo wa pantchito la NIOSH linapereka malire awiri a titanium dioxide mumpweya: mamiligalamu 2.4 pa kiyubiki mita ngati fumbi lake ndi losalala wamba, koma 0.3 okha ngati ndi la nanomita zosakwana 100. Chinthu chimodzimodzi, koma malire atsika kasanu ndi katatu chifukwa cha kukula kokha.

WOULUTSA: Wina kunyumba anena kuti, amenewo ndi maselo a m'mbale, ine sindine mbale.

MPHUNZITSI: Ndipo akhala akunena zoona. Maselo amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku wotere, otchedwa A549, anachokera pa chotupa cha khansa cha m'mapapo mwa bambo wina wa zaka 58 mu 1972, ndipo akhala akuwetedwa m'malabotale kuyambira pamenepo. M'mbale mulibe kutsokomola, mulibe asilikali oyeretsa, ndipo ofufuza amathira mlingo waukulu. Mbale imatiuza njira imene chitsulo chimavulazira selo ndi kusiyana kwa zitsulo. Kuti tidziwe za munthu wamoyo tiyenera kuona anthu enieni. Mu 2018 ofufuza a ku Bochum ku Germany anafalitsa zotsatira za anthu 16 athanzi amene anavomera kupuma mpweya wokhala ndi tizidutswa ta zinc oxide kwa maola anayi. Kuyambira pa miligalamu imodzi pa kiyubiki mita, magazi awo anaonetsa kuti thupi layamba kulimbana ndi mdani, ndipo ena anamva zizindikiro zonga za chimfine. Chonsecho malire a lamulo a utsi umenewu ku America ndi mamiligalamu asanu.

WOULUTSA: Zizindikiro zake n'zotani?

MPHUNZITSI: Apa owotcherera atchere khutu. Munthu amaweruka bwinobwino, mwina kukamwa kukungomveka kachitsulochitsulo ndi pakhosi pouma. Pakapita maola atatu mpaka khumi, nthawi zambiri usiku, amayamba kuzizidwa, kunjenjemera, kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi monse ndi kubanika pachifuwa. M'bandakucha thukuta kamukamu. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, wachira. Madokotala amatcha matendawa metal fume fever. Maselo ovulala aja amaitana asilikali a m'thupi, ndipo kuitanako ndi kumene kumakweza kutentha kwa thupi.

WOULUTSA: Abale! Amenewotu ndi malungo enieni.

MPHUNZITSI: Amafanana kwambiri, ndipo ambiri amangogula mankhwala a malungo, mawa lake n'kuyamikira mankhwalawo. Tsono ndimveke bwino: kuno kuchigwa cha Zambezi malungo alipo ndipo amapha. Thupi likatentha pitani mukayezetse magazi. Koma akakuuzani kuti malungo mulibe, musathamangire kukayikira achibale kapena oyandikana nawo. Kumbukirani zimene munawotcherera dzulo. Pali chizindikiro chinanso. Munthu akamapuma utsiwu masiku otsatizana thupi limakhala ngati lazolowera, koma akapumula Loweruka ndi Lamulungu kuzolowerako kumatha. N'chifukwa chake matendawa amakonda kugwira usiku wa Lolemba.

WOULUTSA: Koma aphunzitsi, zinki yemweyu ndi amene kuchipatala amatipatsa mwana akatsekula m'mimba. Amayi a ku Kalomo ndi ku Katete akukumbukira Kit Yamoyo, muja munali ORS ndi mapiritsi a zinki.

MPHUNZITSI: Ndipo apitirize kuwapatsa ana mapiritsiwo mpaka masiku onse amene achipatala anena, chifukwa amapulumutsa moyo. Matumbo analengedwa kuti azilandira zinki, amatenga wofunika n'kutaya wotsala. Mapapo analengedwera mpweya basi. Chimodzimodzinso mafuta oteteza kudzuwa aja: khungu labwinobwino limatchinga tizidutswato. Ofunika kusamala nawo ndi opopera ndi a ufa, amene munthu angawapume. Choncho musangofunsa kuti chinthuchi n'chapoizoni kapena ayi. Funsani kuti chalowera khomo liti, n'chachikulu bwanji, ndipo n'chochuluka motani.

(NYIMBO, MASEKONDI 30)

WOULUTSA: Tabwereranso pa Mukuni Park. Aphunzitsi, kutentha thupi kwa tsiku limodzi ambiri angakupirire. Atsibweni anga anawotcherera zitsulo mpaka kukalamba, ndipo ankati utsi ndi gawo la ntchito.

MPHUNZITSI: Alipo otero mayi, monganso alipo osuta fodya amene amafika zaka 90. Koma tikawerenga owotcherera zikwizikwi pamodzi, chithunzi chimasintha. Mu 1936 madokotala awiri a ku Britain, Doig ndi McLaughlin, anafotokoza timadontho timene ankationa pa X-ray ya mapapo a owotcherera. Ndi oxide ya chitsulo younjikana m'mapapo. Timadonthoti tingasokoneze wojambula, n'kuyesa kuti ndi chifuwa chachikulu. Chachiwiri, owotcherera amadwala ndi kufa ndi chibayo kuposa amuna anzawo a msinkhu womwewo, moti ku Britain amalangizidwa kubayitsa katemera wa chibayo. Chachitatu ndi chifuwa chosatha ndi mphumu. Chachinayi n'chachikulu: mu 2017 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili ku Lyon ku France pansi pa World Health Organization, linaika utsi wa welding m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Chigamulocho chikukhudza utsi wa zitsulo zonse, ngakhale chitsulo wamba. Owotcherera masinki ndi matebulo a stainless steel a m'makhitchini a malo ogona alendo akhale tcheru koposa, chifukwa utsi wake uli ndi chromium ndi nickel.

WOULUTSA: Kodi tizidutswati timathera m'mapapo momwemo?

MPHUNZITSI: Tambiri timatsala momwemo, koma tina timadutsa. Mu 2017 ofufuza a ku Edinburgh anapumitsa anthu odzipereka tizidutswa ta golide. Pasanathe maola 24 golide anapezeka m'magazi ndi mumkodzo, ndipo patatha miyezi itatu anali akupezekabe. Ku yunivesite ya Rochester ku America anaonanso pa makoswe kuti oxide ya manganese imatsata mtsempha wa kununkhiza kuchokera m'mphuno mpaka ku ubongo. Manganese akachuluka mu ubongo munthu amanjenjemera manja, amayenda movutikira, lilime limalemera. Dokotala John Couper anazilemba zimenezi ku Scotland kale mu 1837, ataona anthu ogaya oxide ya manganese. Kuno kwathu tinaziona mu 2022 ku Serenje, pamene ogwira ntchito pa fakitale ina yoyenga manganese anadwala motero, boma mpaka kuimitsa ntchito pa fakitaleyo. Ku Kabwe nako, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovu wa m'fumbi lake ukupezekabe m'magazi a ana a m'makomboni ozungulira. Chakudza sichiimba ng'oma. Matenda a fumbi amaonekera patapita zaka, munthu atasiya kale ntchitoyo.

WOULUTSA: Nanga abale athu a ziboliboli pano pa Mukuni Park, nkhaniyi ikuwakhudza?

MPHUNZITSI: Fumbi la mtengo ndi lalikulupo, lambiri limakodwa m'mphuno. Koma kumeneko nakonso silikhala mwamtendere. Bungwe la IARC lija linaika fumbi la mitengo m'gulu loyamba mu 1995 chifukwa cha khansa ya m'mphuno, makamaka la mitengo yolimba, ndipo limayambitsanso mphumu. Osema miyala azinyowetsa mwalawo popala, chifukwa fumbi la miyala limasiya zipsera m'mapapo. Amene amakumana ndi oxide ya mkuwa ndi zinki ndi aja otenthetsa ndi kulumikiza mkuwa kapena brass pamoto, ndi osungunula zitsulo zakale kuumba mapoto. Ndipo tonsefe tili pano tikupuma utsi wa dizilo wa magalimoto akuluakulu odutsa mu mzinda muno kupita ku mlatho wa Victoria Falls kapena wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu 2021. Utsi wa dizilo uli ndi tizidutswa tosakwana nanomita 100 tambirimbiri, ndipo unalowa m'gulu loyamba lija mu 2012.

WOULUTSA: Tisawasiye anthu ali ndi mantha. Wowotcherera wa ku Maramba sangasiye ntchito, ana adya chiyani? Achite chiyani mawa m'mawa?

MPHUNZITSI: Choyamba sichilira ndalama: achotse mutu mu utsi. Utsi wotentha umakwera molunjika, ndiye aike ntchito yake patebulo kuti asamaweramire pamwamba pake. Aime moti mphepo izidutsa cham'mbali, kuchokera kudzanja lamanja kupita kumanzere kapena mosemphanitsa. Ambiri amafulatira mphepo poganiza kuti ikankha utsi kutsogolo, koma mphepo ikagunda msana imazungulira n'kubweza utsiwo kumaso. Chachiwiri, asanawotcherere paipi ya galvanised apale zinki ndi grinder masentimita angapo mbali zonse za msoko. Penti yakale nayonso aipale, chifukwa ina imakhala ndi mtovu. Chachitatu, asawotcherere m'kati mwa thanki, mu kontena kapena m'chipinda chotseka popanda chokoka utsi kutulutsa kunja. M'malo otero munthu angathe kukomoka kapena kufa tsiku lomwelo.

WOULUTSA: Ambiri ndimawaona atamanga kansalu kumphuno.

MPHUNZITSI: Kansalu kamagwira fumbi la grinder lalikulu lija, koma utsi umadutsa. Chigoba cha kumaso chokhala ndi galasi lakuda chimateteza maso ndi khungu, si chosefa mpweya. Yofunika ndi masiki yolembedwa N95 kapena FFP2, imene ambiri tinaidziwa nthawi ya Covid-19, ndipo ya FFP3 ndiyo yoposa. Nsalu ya masiki zimenezi imagwira bwino ngakhale tizidutswa tating'onong'ono, chifukwa timayenda mopepesuka n'kumatirira pa ulusi wake. Pamene zimalepherera ndi m'mbali. Kachitsulo ka pamphuno kafinyidwe, zingwe zonse ziwiri zimangidwe, ndevu zimetedwe. Ikada kapena kupuma kukayamba kuvuta, itayidwe. Ku Britain, kuyambira mu 2019, oyang'anira za chitetezo pantchito amafuna masiki yoyenera ngakhale munthu akuwotcherera panja.

WOULUTSA: Nanga mkaka? Amisiri ambiri amati ukamwa mkaka ukaweruka umatsuka m'chifuwa.

MPHUNZITSI: Mkaka ndi chakudya chabwino, amwe. Koma umatsikira m'mimba, pamene utsi uli m'mapapo. Njira zake ndi ziwiri zosiyana, sizikumana. Palibe mkaka, mowa kapena mankhwala azitsamba otsuka chitsulo m'timatumba ta mpweya. Chimene chingathandize mapapo a wowotcherera ndi kusiya fodya, pakuti fodya amafooketsa timatsitsi tokankha makhololo tija, ndiye fumbi limakhalitsa. Ndiwonjezere za anthu amene timawaiwala. Mnyamata wophunzira ntchito amene amagwirizira chitsulo abwana ake akuwotcherera amakhala pafupi ndi utsi mofanana, koma iye amangotembenuza nkhope n'kutsinzina. Nayenso apatsidwe masiki. Mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi shedi, mwana ali kumbuyo, asunthire kumene mphepo ikuchokera. Zovala zantchito zivulidwe musananyamule mwana kunyumba, ndipo pansi pa shedi muziwaza madzi musanasese.

WOULUTSA: Munthu apite liti kuchipatala?

MPHUNZITSI: Akabanika, akamva kupweteka pachifuwa, akatsokomola magazi, kapena kutentha thupi kukapitirira masiku awiri, asadikire. Chifuwa cha masabata awiri chikayezedwe TB, kuyezako n'kwaulere m'zipatala za boma. Manja akayamba kunjenjemera kapena mayendedwe kusintha, apitenso. Ndipo akafika, asadikire kufunsidwa. Anene yekha kuti, adokotala, ine ndimawotcherera zitsulo, ndagwira zaka zakutizakuti, dzulo ndinali pa mapaipi a galvanised. Mawu amenewo angasinthe mmene dokotala awerengere X-ray yake. Kwa olembedwa ntchito, lamulo la Occupational Health and Safety Act la 2010 linaika pa olemba ntchito udindo woteteza umoyo wa antchito awo, kuphatikizapo kuwapatsa zodzitetezera. Ku Kitwe kuli Occupational Health and Safety Institute, imene yakhala ikuyeza mapapo a anthu a m'migodi kwa zaka zambiri, ndipo wodwala chifukwa cha ntchito angadandaule ku Workers' Compensation Fund Control Board.

WOULUTSA: Koma owotcherera ambiri a m'mbali mwa msewu ndi odzilemba okha. Alibe bwana woti amudandaulire.

MPHUNZITSI: N'zoona, ndipo apa nkhani ikubwera kwa ife ogula. Masiki imodzi payokha imadula, koma amisiri a pamalo amodzi atasonkherana ngati mmene amachitira chilimba, angagule bokosi lathunthu motsika mtengo. Ndalama yake ichokera pa mtengo wa geti. Ife tikapita kukaitanitsa geti kapena mafelemu timanenerera mpaka mmisiri atsale ndi ya rod ndi ya ufa basi. Pamene tamufinya motero, choyamba kuchotsa pa bajeti ndi chodzitetezera. Mmisiri aziwerengera masiki pa mtengo wa ntchito monga amawerengera rod, penti ndi magetsi, ndipo wogula asachite nazo tsinya. Eni malo ogona alendo ndi makontirakitala amene amapereka ntchito zikuluzikulu muno mu Livingstone angathe kulemba m'pangano kuti aliyense wogwira ntchitoyo, ndi wophunzira yemwe, avale masiki yoyenera.

WOULUTSA: Mwamva nokha omvera. Inu amisiri, mutu kunja kwa utsi, mphepo cham'mbali, zinki apalidwe, masiki ikhale yeniyeni, ndipo kuchipatala nenani ntchito yanu. Ife ogula, tikamanenerera mtengo wa geti tizisiyako ya masiki.

MPHUNZITSI: Amisiri onse agwire ntchito bwino.

WOULUTSA: Mafunso anu tumizani ku wailesi ino monga mwa nthawi zonse, tidzawayankha. Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za utsi wa mbaula ndi makala m'nyumba zotseka nyengo yozizira. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)